Anandimanga Chifukwa cha Mabuku a Amonke

Anandiitana Lachiwiri m'mawa, m'mwezi wa Malichi 1959, nthawi imene boma la atsamunda linkamanga anthu a ndale, ndikuphunzitsa pa sukulu ya mishoni. Sajeni anasuzumira pa zenera la kalasi nati, "Aphunzitsi, siyani chokocho, tiyeni kunyumba kwanu."

Kunyumba anatembenuza mphasa, anapisa ndodo m'nkhokwe, koma zimene anatenga ndi mabuku atatu ndi kope langa limodzi. Mabukuwo anandibwereka ndi bambo mfumu okalamba a pamishoni pathu. Onse anali a Chingerezi, onena za amonke, amuna amene amasiya zonse n'kukakhala pamodzi m'nyumba ya mapemphero. Lina linkanena za aja anakakhala m'chipululu cha ku Ejipito, lina za mmonke woweta njuchi, lachitatu linali la malamulo a m'nyumba mwawo. Ndi mabuku abwino, ndipo mpaka lero ndimauza anthu kuti awawerenge. La malamulolo ndinali nditatha zaka ziwiri ndikulimasulira m'Chinyanja m'kope muja, kuti mkazi wanga ndi akhristu anzanga amveko.

Wondifunsa anali mzungu wachinyamata. Kope langa ankamuwerengera ndi womasulira.

"Mwalemba kuti abale azimvera mkulu wawo osawiringula. Mkuluyo ndani?"

"Anamwalira kalekale, bwana, ku Ulaya."

"Nanga lumbiro lanuli mumachitira kuti? M'phiri la Chiradzulu?"

Ndinamuuza kuti buku lenileni lili patebulo pakepo, m'chilankhulo cha mayi ake, angotsegula aone yekha. Anati alibe nthawi yowerenga za tchalitchi. Koma nthawi yondifunsa funso limodzimodzi masiku anayi anali nayo. Tsiku lachitatu sanafunse ndi pakamwa pokha. Khutu langa lamanzere silimva kuyambira pamenepo.

M'chitokosi tinali ambiri, ndowa imodzi. Msilikali wina wotilondera, Mlomwe mnzanga, anandinong'oneza m'chilankhulo cha kwathu: "Aphunzitsi, tangotchulani dzina limodzi mubwerere kwa ana. Amonkewo ndi gulu la ndale eti?"

Ndinamufotokozera mofatsa, kachikhumi mwina, kuti amonke sakwatira, sachita misonkhano, amangopemphera ndi kulima, ndipo satuluka kumpanda kwawo.

Anaganiza kanthawi, kenako anati, "Ndiye bomali likuwafuniranji? Anadzimanga kale okha."

Bambo mfumu aja anali gone m'chipatala pamene ndinkatengedwa. Atadzuka anabwera pa njinga, nawerengera mkulu wa apolisi buku la malamulo lija tsamba ndi tsamba mpaka mkuluyo anawapempha kuti aleke. Ndinatuluka Loweruka, patatha masabata asanu ndi limodzi. Mabuku anabweza. Kope anati latayika. Sajeni anandiperekeza pa geti nati, "Pitani bwino aphunzitsi, koma muchepetseko kuwerenga."

Ndinapeza mkazi wanga atachira mwana wamkazi ndili m'kati, chimanga china anyani atadya. Sanalire. Anangondiyang'ana nati, "Bambo ake mwana, amonke anuwo anabwerako kudzakuonani?"

Anzanga a m'chitokosi ankandiseka kuti moyo umene ndinkausirira ndaulawa. Sindinawavomereze. Mmonke amalowa ndi miyendo yake, ndipo chitseko amatseka yekha ali m'kati. Ife chinkatsekedwa kunja ndi munthu wosatidziwa n'komwe. Sabata yoyamba nditabwerera kwathu ndinkangotuluka m'nyumba popanda kopita, n'kuima pabwalo, n'kulowanso, mpaka mkazi wanga anandipatsa khasu.