Miyala ya Mkamwini

Ndinali mkamwini kwa Maganga, ndipo mkamwini wochenjera samanga chinthu cholimba pamudzi pa eni ake. Ine nzeru zimenezo ndinalibe.

Chaka chimenecho chiswe ndi chinyezi zinatithera mpunga m'nyumba. Ndinauza mkazi wanga kuti ndimanga kanyumba kuseri kosungiramo mpunga ndi makasu, koma pansi pake ndiyala miyala monga ndinaonera pamene ndinkagwira ntchito ku siteshoni ya sitima ku Salima. Kwa Maganga n'kumchenga kokhakokha. Miyala yaphanthiphanthi ndinkakatenga kuphiri pa njinga, iwiriiwiri, mpaka masipoko anathothoka.

Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, ankaima poteropo atagwira m'chiuno. "Kodi alamu, miyala yonseyi, mwaona ngati mudzafera pano?" Zinkandiwawa, koma mkamwini ayankhanji? Ndinkangopitiriza kututa miyala.

Ndinakumba pang'ono, kuthira mchenga, n'kutsendera ndi musi. Choyezera chathu chinali mbale ya madzi. Mkazi wanga, mimba ili kutsogolo, ankaika mbaleyo pamwala uliwonse n'kugwada kuyang'ana kumene madzi athawira.

"Uwu wapendekera kunyanja, zulani."

Ndinkazula ndikunyinyirika, iye akuseka mpaka misozi. Mwala wina anandizulitsa kanayi, ndikhulupirira dala. Masiku amenewo ndimawalakalaka mpaka lero, sindibisa.

Zipupa sindinayambe n'komwe. Mvula yoyamba isanagwe, mkazi wanga anamwalira pobereka, khanda n'kutsagana naye. Titameta maliro, akuchikazi anandisudzula mwaulemu ndithu, ufa m'kathumba ndi nkhuku imodzi, kuti ndizipita kwathu ku Dowa. Mwana wathu wamkazi wa zaka zitatu anatsala. Anali wa mbumba yawo, ndikanatani?

Kwathu sindinakhazikike. Ndinapita ku Halale, n'kutchona.

Nditabwerako, imvi zili mbuu, ndinalunjika kwa Maganga kuti mwana wanga andidziwe. Ndinamupeza ali mayi wa ana awiri, akuyanika chinangwa pamiyala ija. Palibe anamangapo kanthu, komanso palibe mwala unasuntha. Alamu aja atamuuza kuti ndine bambo wake, mwana wangayo anandiyalira mphasa n'kundilonjera chogwada, monga achitira ndi mlendo aliyense wodutsa.

Posowa poyambira ndinafunsa, "Anayala miyala imeneyi ndani?"

"Amati ndi amayi," anayankha akutembenuza chinangwa. "Chimene anandisiyira n'chokhachi."

Ndinafuna kumuuza kuti ndinayala ndine. Koma ndikanamulanda bwanji? Ndinangoti anayala bwino.