Odikira Mphesa Kuti Ziwole

Bambo okhala kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Barsac, mudzi wa alimi a mphesa, ndi munthu wodikira. Anzawo akamakolola, iwo amangoima m'munda, manja kumbuyo, kuyang'ana chifunga chikukwera kuchokera kumtsinje. Amafuna mphesa ziyambe zachita chuku n'kufota, chifukwa m'pamene zimatulutsa vinyo wotsekemera ngati uchi.

"Mphesa yosawola ndi mwana," amatero. "Sinaone mavuto, ikoma bwanji?"

Chaka chimene mwana wawo wamkazi anabadwa, anasunga mabotolo a vinyoyo m'chipinda cha pansi, kudikira tsiku la ukwati wake. Ukwatiwo unachitika chilimwe chathachi. Bambowo anathira okha vinyoyo m'tambula iliyonse.

Mkamwini analawa n'kuseka. "Bambo, uyutu ndi vinyo wa agogo! Shuga yekhayekha. Kulibe kamowa kozizira?"

Nyimbo inayamba, onse anathamangira kukavina. Ndinawapeza bambo aja akutolera matambula odzaza, mavu akumira momwemo.

"Pepani, bambo," ndinatero.

"Asiyeni, mwanawe. Sanawole amenewa."

Chaka chino chifunga chabwera bwino, mphesa zawo zawola monga amafunira. Koma m'mundamo simunaime munthu; chichitikireni ukwati uja, bambowo sanabwerenso kudzadikira.