Ulusi Wofiira pa Parachuti ya Lameki

Munali mu 1977, mwezi wa Novembala, ndipo ine ndinali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Tsikulo linali Loweruka. Tinkaika mwana wanga Lameki.

Ndinadzuka kunja kusanache. Kugona kwenikweni sindinagone, ndinangotsamira khoma pabalaza pakati pa amuna asanu ndi awiri amene anabwera kudzagona pamaliro. Fulati yathu ku Scarborough inali pansanja yachisanu ndi chinayi. Kwathu amuna akanakhala panja n'kumawotha moto. Kuno woyang'anira nyumba anati ngakhale mbaula pakhonde n'zoletsedwa, ndipo okhala pansi pathu anagogoda kawiri kudandaula za nyimbo. Amayi anachita kuimba chonong'ona kuchipinda, atazungulira mkazi wanga Nachisale. Thupi silinali m'nyumba. Linali kwa osunga maliro, m'bokosi lokhomedwa kale.

Ine ndine telala. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma makina ndimawadziwa. Ndinafika ku Canada mu 1969 ndipo ndinkasoka mipando ya galimoto pa fakitale ina ku Etobicoke. Zaka zonsezo msoko wanga sunabwezedwepo. Ndalemba zimenezi kuti mudziwe kuti amene anachita zomwe ndifotokoze sanali wophunzira kumene ntchito.

Lameki ndiye mwana yekhayo amene anatitsalira. Awiri tinawaika ku Zomba ali makanda. Iye ankagwira ntchito yopanga magalimoto ku Oshawa, ndipo anzake akuntchito ndiwo anamutengera kubwalo lina kuseri kwa tauniyo, kumene anthu amakwera kandege n'kumadziponya pansi ndi parachuti. Amayi ake ankaitcha ambulera. Ine ndinamuuza kuti munthu wa ntchito yake sadziponya ngati thumba la chimanga. Anaseka.

"Adadi, musadandaule, ndimajampa ndi ziwiri," anatero. "Ina kumsana, ina pamimba. Yoyamba ikakana, ndimakoka yachiwiri."

"Zamisala zakozo usadzandionetse," ndinamuyankha. Kwa zaka ziwiri nkhaniyi sitinaikambenso.

Lachisanu lomaliza anabwera kudzagona kwathu, chifukwa anzake ankadzamutenga m'mawa. Anasiya katundu wake wodumphira pasofa n'kutsika kukagula mkaka. Ndinayang'ana. Nsalu yake inali yabwino, misoko yake yowongoka. Koma pa parachuti ya pamimba ija panali kaphini kachitsulo kotsekera chikwama, ndipo kaphiniko kanamangidwa ndi kaulusi kofiira kokhala ndi kamtovu kumapeto. Kaulusiko kanali kofooka, koti sindikanasokera nako ngakhale batani, ndipo kanali katayamba kuthothoka. Ndinakwiya. Ndinati azungu awa apachika moyo wa mwana wanga pa ulusi wowola. Ndinatenga nayiloni yofiira ya kuntchito, ndinaipinda kanayi, ndinaipaka phula, ndinamanga kaphiniko zolimba. Mfundo ndinaibisa, kamtovu ndinakabwezera pamalo pake. Munthu sakanasiyanitsa. Lameki atabwera anandipeza ndikuwerenga Baibulo. Sindinamuuze, chifukwa ndinali nditanena kale kuti zinthu zakezo sindidzazikhudza.

Mawa lake parachuti yoyamba inapotana. Yachiwiri sinatseguke. Apolisi anati anamupeza dzanja lili pachogwirira choitsegulira. Sabata yonse yodikira thupi ndinkadzitonthoza kuti mbali yanga ndinachita, wolephera ndi amene anaipinda.

Kutacha kunja kunali mitambo yotsika ndi mvula yowaza. Moto wa pamaliro unali wa magetsi. Amayi ankaphika m'mafulati anayi osiyana, ndipo mapoto a mpunga ndi nyemba ankakwera ndi kutsika m'chikepe. Amalawi masiku amenewo tinali ochepa. Anabwera anamwino, ana asukulu, mabanja awiri a ku Zambia, ndi dokotala wina amene anayenda ulendo wa maola atatu. Tonse tinakwana ngati makumi anayi. Nsapato zinadzaza mpita wonse mpaka pakhomo la eni ake.

Malume ake a Lameki anali ku Zomba, ndipo chimene chinafika n'telegalamu yokha. Choncho a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, anaimirira m'malo mwawo. Ntchito yawo inali yofotokozera anthu kumanda momwe zovuta zinayendera, monga timachitira kwathu. Anandiitanira pambali n'kundiwerengera pepala lawo. Analemba kuti parachuti yachiwiri inapindidwa ndi mayi wina wa kukalabu yodumpha, ndipo sinatseguke, ndiye nkhaniyi taisiya m'manja mwa boma ndi Mulungu. Ndinavomera ndi mutu.

Cha m'ma naini anafika anthu a kukalabu kuja, khumi ndi mmodzi, atavala majekete ndi majombo. Anaima mumpita osadziwa pokhala. Mayi wina wa kwathu analankhula mosabisa: "Abwera kudzaona ntchito ya manja awo." Pakati pawo panali mayi wamfupi, wa imvi zoyamba kumene, dzina lake Joan. Ndiye ankapinda ndi kusoka maparachuti a pakalabupo. Anapempha kulankhula ndi bambo wa malemu. A Mbewe anakana. Ine ndinati abwere, ndinkafuna ndimuone m'maso. Malo opanda anthu anali kachipinda kosungiramo katundu, momwe munali makina anga.

Tinalankhula Chingerezi. Anayamba wandipatsa kabuku komwe Lameki ankalembamo ulendo uliwonse umene wadumpha. Zala zake zinali ndi zipsera za singano ngati zanga.

"Ndinaipinda ndine," anatero. "Chiphaso changa andilanda mpaka kafukufuku atatha. Koma ndimafuna mudziwe kuti mkati munalibe vuto. Atangodula ulusi, inatuluka yonse bwinobwino."

"Ulusi uti?"

"Wofiira, wa pakaphini. Umene ndimamanga ine ndi wofooka dala. Uyenera kuduka munthu akangokoka. Ntchito yake n'kusonyeza kuti palibe amene watsegula chikwama kuchokera pamene ndinachitseka, basi. Umene anaupeza pamenepo si wanga. Nayiloni, yopindidwa kanayi, yopakidwa phula. Amuna awiri anakoka chogwiriracho, chinakana."

Ndinafunsa ngati akuboma akumukhulupirira.

"Ayi. Kamtovu kali ndi chizindikiro changa."

Atatero maso ake anagwera pa makina anga, kenako pathabwa lomwe ndinkakolekapo ulusi. Wofiira uja unali wachitatu kuchokera kumanzere. Anauyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkayang'ana zala zake.

"Lameki ankatiuza kuti msoko wanu suduka," anatero motsitsa mawu. Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. "Lero ikani mwana wanu, bambo. Ine sindinena kanthu."

Anatuluka. Ndinakhala pampando wa makina mpaka a Mbewe anagogoda kuti magalimoto afika.

Za kutchalitchi sindikumbukira zambiri. Ndikukumbukira Nachisale atagwira chivundikiro cha bokosi, akupempha kuti aone nkhope, kapena phazi lokha. Mzungu wa maliro anakana mwaulemu, ndipo amayi awiri anachita kumukoka Nachisale. Ndikukumbukiranso kuti a kukalabu anakhala benchi yakumbuyo, ndipo benchi ya patsogolo pawo inakhala yopanda munthu. Abusa analalikira za mpheta imene siigwa pansi Atate osadziwa. Ine ndinali kuwerenga mumtima. Mayi uja walonjeza kukhala chete. A Mbewe awerenga pepala lawo, anthu amuloza chala, boma limulanda ntchito, ndipo ine nditsala bambo wofedwa wolandira mapepeso. Palibe akanadziwa. Mfundo ndinaibisa bwino.

Tinanyamuka magalimoto khumi ndi anayi, nyale zoyaka masana. Mvula inali itasakanizika ndi timatalala tomwe tinkalira pagalasi. Pamphambano ina bambo wina wokalamba anavula chipewa mpaka tonse titadutsa. Nachisale anakhala pambali panga, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anaika dzanja lake pa langa. Ndinalisiya pomwepo. Ndinadziwa kuti mwina ndi komaliza.

Kumanda kunalibe adzukulu. Dzenje linakumbidwa ndi makina, dothi analiphimba ndi kapeti wobiriwira ngati akuchita nalo manyazi. Bokosi analikhazika pa malamba awiri. Ndinapezeka ndikuyang'ana misoko ya malambawo. A kukalabu anaima patali pansi pa mtengo wopanda masamba. Ndinamva pambuyo pake kuti anakonza zoti kandege kawo kadutse pamwamba pa manda, koma mitambo inali pansi kwambiri.

Abusa atatha pemphero, a Mbewe anafunyulula pepala lawo. Anayamba ndi kubadwa kwa Lameki, sukulu yake, ntchito yake. Atafika pa mawu akuti "parachuti yachiwiri", ndinasuntha n'kuwagwira pamkono.

"Mwini maliro salankhula, bambo," anandinong'oneza.

"Lero alankhula."

Ndinanena m'Chichewa, kenako ndinabwereza m'Chingerezi kuti a pansi pa mtengo aja amve. Ndinati: "Mayi amene anapinda parachuti sanalakwe. Anamanga kaphini ndi ulusi woyenera kuduka. Ine ndinauona, ndinauyesa wowola, ndinauchotsa n'kumangapo wanga. Mwana wanga anakoka, ulusi wanga unakana. Wamupha ndine. Pepala limenelo lisawerengedwe."

Palibe analira. Kunkangomveka timatalala pa maambulera. A Mbewe anapinda pepala kanayi n'kuliika m'thumba. Abusa anatsegula buku lawo, analitsekanso. Nachisale anadzichotsa m'manja mwa amayi amene ankamugwirira, anabwera n'kuima patsogolo panga. Sanakweze mawu.

"Munamuuza?"

"Ayi."

"Anali m'nyumba momwemo. Anadya nafe. Munakhala naye tebulo limodzi, osamuuza?"

"Sindinamuuze."

"Akanaseka," anatero. "Akanakusekani, n'kuudula."

Anabwerera kwa amayi aja. Bokosi linatsika. Amuna a kwathu anali atapempha mafosholo, chifukwa sitisiya manda otsegula kuti makina adzakwirire. Oyang'anira manda anatipatsa awiri. Ankalandirana, wina akatopa n'kupatsa mnzake. Mnyamata wina wamtali wa kukalabu anavula jekete, anabwera n'kutambasula dzanja, ndipo bambo wina wa ku Zambia anamupatsa fosholo. Anzake anatsatira mmodzimmodzi. Fosholo inadutsa pamaso panga kangapo. Palibe anaipereka kwa ine, ndipo sindinaipemphe. Ndinawerama n'kuponya dothi lodzaza dzanja limodzi. Linali lozizira ngati chitsulo.

Pobwerera kumagalimoto Joan anandipeza. Ndinamuuza kuti Lolemba ndipita kwa ofufuza a boma ndi ulusi wanga, ndipo andiuze khomo lake. Anandilembera kumbuyo kwa pepala la nyimbo. Ankafuna kunena zina, koma ndinamuuza kuti zakwana.

Kunyumba anthu anasamba m'manja m'beseni lomwe amayi anaika pakhomo, anadya mwachangu, ambiri ataimirira. Amene anali atasiya mabulangete kuti agonenso anawapinda. Sanandinyoze. Ankandigwira chanza akuyang'ana pansi. A Mbewe anatsala womaliza, anaima pakhomo chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Mwachita bwino kunena, koma sindikudziwa kuti nditani nanu." Ndinawauza kuti apite mvula isanakule.

Pofika faifi koloko mumpita munalibenso nsapato. Nachisale analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Ine ndinakhala pasofa, pomwe panali katundu uja. Firiji inkalira. Pansi pathu wina ankaonera mpira wa pa ayezi. Ndinatsegula kabuku ka Lameki. Anadumpha maulendo makumi asanu ndi atatu kudza anayi, ndipo uliwonse anaulemba: tsiku, kutalika kwake, mphepo, ndi dzina la mnzake womusainira. Pa ulendo wachisanu ndi chimodzi analemba kuti kumwambako kuli zii, ndipo tsiku lina adzabwera ndi adadi kuti adzaone. Ndinatseka.

Ofufuza sanandimange. Anati ndi ngozi, ndipo analembera makalabu onse kuti wodumpha aziyang'anitsitsa ulusi umenewo asanakwere ndege, ndiponso kuti wachibale asakhudze katundu. Akuboma anamubwezera Joan chiphaso chake chisanu chitatha.

Zimene zinatayika ndi izi. Mwana mmodzi, wa zaka makumi awiri ndi zitatu. Miyezi inayi ya ntchito ya mayi wosalakwa. Mpando wanga wa udikoni, umene ndinautula ndekha. Dzina lakuti "abambo ake Lameki", limene Nachisale sananditchulenso nalo, ngakhale anandiphikira ndi kundichapira zaka zina khumi ndi zisanu ndi zinayi mpaka ndinamuika pambali pa mwana wake. Ndi mawu ochepa amene ndikananena patebulo Lachisanu lija.

Ulusi wotsala ofufuza anandibwezera m'envulopu. Ndikadali nawo. Chaka chatha ndinaukulunga m'manja n'kuukoka. Sunaduke.