Khutu pa Njanji

Achemwali, lero ku Msika wa Tsoka ndaona bambo wina akukhomera mbaula pa chidutswa cha njanji. Ndinangoti chilili, mpaka anachita kundifunsa kuti, "Mayi, mukugula kapena?" Ndakumbuka tsiku lija munandiperekeza pa kasiteshoni ka kwathu, ndikubwera kudzayamba ntchito ya m'nyumba ku Area 9. Sitima itachedwa, munagwada m'fumbi ndi chitenje chanu chatsopano, n'kuika khutu pa njanji. "Ikubwera," munatero. "Tsiku lodzabwerera iwe, woyamba kukumva ndidzakhala ine."

Sitima ya anthu inasiya kuyenda, ine ndikungoti ndibwera mwezi wamawa. Mutadwala, abwana anati ndidikire kaye alendo awo achoke. Ndinafika pa minibasi anthu akuchokera kumanda. Pasiteshoni paja malata anasasula kalekale, achemwali, anthu akulimapo chimanga. Ndinapitapo ndekha, ndinagwada pomwe munagwada paja, n'kuika khutu. Chitsulo chinangonditentha tsaya basi. Mpaka lero palibe amene angandiuze. Kodi munakagwadapo kangati, ine osabwera?