Chinsinsi changa chinaululika pa uvuni wa buledi

Tinachoka ku Nsipe chifukwa cha mabotolo. Titatha zaka zisanu m'banja popanda mwana, aliyense wotifunira zabwino ankabwera ndi botolo la mankhwala azitsamba, ndipo onse ankapatsa mkazi wanga Esinati, ine ayi. Tsiku lina amayi anayamba kundiyamikirira mtsikana wina wa ku Nzama, ati ngwolimbikira kumunda ndipo kwawo amabereka mapasa. Esinati anali pakhonde pomwepo akusankha nyemba, sanadzutse mutu. Ndinaona kuti banja langa likutha ndikuyang'ana. Sabata yomweyo ndinagulitsa benchi yanga ya tomato pamsewu, tinakwera minibasi ya ku Blantyre.

Ntchito ndinaipeza pa kampani ina yophika buledi ku Limbe, yolowetsa ndi kutulutsa mathileyi mu uvuni. Malipiro ankangokwana lendi ya kachipinda ku Ndirande, ufa, ndi kangachepe kotumizira amayi pafoni. Ndinkasowa kwathu, sindinama. Ku Nsipe sudutsa khomo la munthu osafunsidwa kuti wadzuka bwanji, koma m'tauni ukhoza kudwala sabata yathunthu woyandikana naye akungokweza wailesi. Chokoma chinali chimodzi: panalibe woyang'ana pamimba pa Esinati. Mabotolo okha ndiwo anatilondola, amayi ankawatumiza kudzera kwa makondakitala.

Kuchipatala adokotala anamuyeza Esinati zonse, osapeza vuto. Kenaka anatembenukira kwa ine, nandipatsa kabotolo kopanda kanthu ndi kundilozera kachipinda. Limeneli linali botolo loyamba kupatsidwa ine chikwatirire. Zotsatira zitatuluka, anati mbewu zanga n'zochepa komanso zofooka. Ndinachita manyazi mpaka thukuta. Tili panja Esinati anandiyang'ana, nati, "Ndiye zowawa zonse zija ndinkamwera inu, bambo?" Anaseka mpaka misozi, kenaka analira zenizeni, ine n'kumugwira dzanja pagulu ngati azungu.

Adokotala anandilembera mapilitsi, nati ndizibwera Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, ndiponso ndizipewa malo otentha. Atandifunsa ntchito yanga, ndinati ndimaima pa uvuni tsiku lonse. Anaika cholembera pansi.

Mwezi womwewo kunagwa mliri wa korona. Kampani inachotsa anthu ambiri, otsalafe tinkagwira ntchito ya anthu awiri. Ndani akanapempha kuchoka pa uvuni nthawi ngati imeneyo? Ngakhale Lachitatu lenilenilo ndinkachita kuba. Kwa akapitawo athu, a Gama, amalume anga ndinawapha kawiri, pamene eni ake anali ku Biriwiri akukumba mbatatesi. Tsiku lina ndinathamangira kuchipatala kuchokera pa uvuni, mlonda wa pageti n'kundiloza pamphumi ndi kamfuti koyezera kutentha thupi. Anadumphira kumbuyo. Ndinakhala pansi pa mtengo ola lathunthu kudikira kuti ndizizire ngati buledi.

Patatha miyezi inayi adokotala anandiuza mosabisa kuti mapilitsi akulimbana ndi uvuni, ndipo uvuni ukupambana. Ndisankhe.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Gama. Iwo korona ankamuopa koopsa. Anajambula mzere wachikasu pansi, kutali ndi tebulo lawo, ndipo wowoloka mzerewo ankatuluka pageti. Ndinaima pamzere, masiki kukamwa, makina okanda ufa akulira kumbuyo kwanga. Ndinanong'ona pempho langa.

"Kwezani mawu, a Jere!"

Ndinakweza pang'ono.

"Sindikumva! Nenani ngati mwamuna!"

Ndinakoka mpweya n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse: "Ndichotseni pa uvuni, bwana, ukundiphera mbewu! Wosabereka kunyumba kwanga ndine!" Magetsi anali atazima ndisanatsegule pakamwa. Makina onse anali zii, anthu onse akundiyang'ana ndi ufa m'manja.

Palibe anaseka. A Gama anakhosomola m'masiki mwawo, nati kuyambira mawa ndizikaika buledi m'mapepala kuchipinda chozizira, koma malipiro atsika. Anawonjezera kuti amalume anga asamwalirenso, Lachitatu ndizingopempha. Ndinabwerera kunyumba mtima uli mbee. Chinthu chimene ndinkachiopa kuposa mliri chinali chitatuluka, ndipo ndinali ndikadali moyo. Nyama tinaiwala kukoma kwake chaka chimenecho, koma bonya sanatiphe.

Patapita chaka ndi miyezi, Esinati anaima.

Tinabwerera ku Nsipe mimba ili ya miyezi isanu ndi iwiri. Amayi analulutira kuchokera kumsewu mpaka kunyumba, akuuza aliyense kuti botolo lomaliza lija ndi limene lamasula apongozi awo. Azakhali ndi amayi ena a m'mudzi atadzaza pakhonde, ndinaimirira. Munthu amene wakuwapo pa kampani yonse saopa khonde.

"Amayi, mabotolo anu tinkathirira maluwa a eni nyumba. Esinati analibe vuto. Vuto linali ine, ndipo andithandiza kuchipatala."

"Iwe, zimenezo sanena pagulu!"

"Za Esinati munkanena pagulu."

Amayi anadzuka pampando wawo, womwe salola munthu kukhalapo, naukokera kwa Esinati. "Khalani apa, apongozi. Tinakulakwirani."

Mwana wathu Takondwa tsopano akuthamangitsa nkhuku, ndipo ine ndinabwerera pa benchi ya tomato. Ndinkayembekeza kuti amuna a pamsika azindiseka, ndipo masiku oyamba anasekadi. Koma kenaka anayamba kubwera mmodzimmodzi, nthawi imene pabenchi palibe anthu. Amasankha tomato nthawi yaitali, kumutembenuza uku ndi uku, kenaka motsitsa mawu amati, "Achimwene, ndili ndi mnzanga wina wake. Chipatala chija chili mbali iti?" Wabwerapo wa kabaza, wabwerapo mphunzitsi, wabwerapo ngakhale uja ankaseka kwambiri.

Chituluke zotsatira zija ndinkaganiza kuti nyumba yopanda mwana chifukwa cha mwamuna ndi yanga yokha m'Nsipe monse. Tsopano ndimang'amba kachidutswa ka katoni, n'kujambulapo njira, n'kumuuza kuti mnzakeyo akapite Lachitatu m'mawa. Ndimamuuzanso kuti akafika kunyumba, akayambe wapepesa mkazi wake.