Kasinja amene ndinakana kumumata mtanda

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala kunja kwa dziko lathu, ku Kilimani, bambo akugwira ntchito ku ofesi ya mpingo. Aphunzitsi a mbiri yakale kusukulu yathu ya ku Lavington analamula kuti aliyense apange chinthu cha pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, choti makolo adzaone pa tsiku la chionetsero. Mlendo ndinali ndekha m'kalasimo, ndipo ndinkafunitsitsa kuti nanenso ndioneke.

Bambo anapeza kabokosi pa kaunjika kufupi ndi Kibera. Munali tizidutswa tapulasitiki ta kasinja, galimoto yankhondo yoyenda pa matcheni. Tinkalumikiza pakhonde, guluu akununkha, maminibasi otchedwa matatu akulizirana mahutala pa Ngong Road. Atawerenga kapepala ka m'bokosimo, bambo anandifotokozera kuti kasinja wamng'onoyu anamupanga ndi anthu a ku Czechoslovakia kuti atetezere dziko lawo. Ajeremani atalanda dzikolo anamutenga, n'kumujambula mtanda wawo wakuda, n'kukamenyera nkhondo zawo.

"Ngati agogo ako," anatero bambo. "Atsamunda anawatenga ku Zomba, n'kuwaveka yunifolomu ya mfumu ya eni."

Zinandipweteka. Timitanda tomata tinali m'bokosi momwemo, koma ndinatisiya.

Aphunzitsi atamuzungulitsa m'manja anati ntchito sinathe. Malo ake anali pa tebulo la Ajeremani, ndipo wopanda chizindikiro sakanaloledwa kulowa mu holo. Madzulo bambo anandinyengerera.

"Ingomata, Tiyamike. Tili kwa eni kuno."

"Munanena nokha kuti si wawo. Ine sindimata."

Liuma ndinabadwa nalo, amayi amatero mpaka lero. Tsiku la chionetsero ndinaima panja pa holo, kasinja wanga ali m'manja. Anzanga ankandiseka pawindo. Kholo lililonse lofunsa ndinkaliuza kuti anamupanga ndi anthu a ku Czechoslovakia. Kenako ndinaona bambo akubwera atavala suti yawo ya Lamulungu, ndipo ndinaganiza kuti mbama yafika. Anayang'ana chitseko, anayang'ana ine, n'kudzaima pambali panga osalowa.

Malikisi sindinapeze, ndipo sindinadandaulepo. Lero ndikudziwa kuti wamphamvu akhoza kukulanda chinthu masana dzuwa likuswa mtengo, iwe osatha kumuletsa. Koma akafuna kuti dzanja lako lomwe limate chizindikiro chake pa chimene walandacho, pamenepo dzanjalo likadali lako.