Woliza Gitala Amene Anakana Dzina Lake

Inu amene mukuona ngati nthawi yanu inadutsa kale, imvani za Lingson, bambo amene anakana dzina lake masanasana pakhomo la hotela ina ku Onaiza, mumzinda wa Doha, m'dziko la Qatar.

Tsikulo anali pa ntchito yake ya ulonda, thukuta lili kamukamu, akutsegulira alendo chitseko. Mayi wina atatsika takisi anaima n'kumuyang'anitsitsa. Anali Effie, namwino wochokera ku Bangwe, kwawo kwa Lingson.

"Pepani bambo, si inu a Lingson a Chiperoni Strings? Munatiimbira pa ukwati wa achemwali anga!"

"Ayi madam, mwandifanizira," anatero Lingson maso ali pansi.

Anaiwala kuti baji ya pachifuwa pake inali ndi dzina lake, la zilembo zikuluzikulu. Effie anaiwerenga n'kulowa. Lingson anagwidwa ndi manyazi oopsa. Kukanakhala bwino mayiyo akanangomutukwana.

Munthuyu sanabadwe mlonda. Anakulira kwa amalume ake amene ankasunga mbale za galamafoni za gulu lina la anyamata a ku Britain la m'ma 1960. Anyamatawo sankaimba pakamwa, gitala ndiyo inkalankhula. Ankavala masuti ofanana, akumaponya miyendo limodzi pa siteji, ndipo anatchuka mpaka kutsidya kwa nyanja. Kenako kunabwera magulu oimba mawu, anthu n'kukhamukira kumeneko. Anyamata a gitala aja anakakamira zawo zomwezo mpaka anayamba kuimbira mipando.

Lingson anawatengera zonse anyamatawo: masuti, masitepe, ngakhale kagwedwe komwe.

Gulu lake linkadzaza maholo a mu Blantyre, ndipo kutchukako kunamulowa m'mutu. Lamulo lake linali limodzi: palibe woimba. Wina m'holo akangoyamba kuimba motsatira, iye ankaimitsa bandi yonse n'kunena pa maiki kuti, "Gitala yanga siifuna womasulira." Anzake anamuchonderera kuti Amalawi amafuna mawu oti aziimba nawo povina, koma zinali ngati akuuza mwala. Pa ukwati wina ku Chilomoni, woyendetsa mwambo anazula pulagi nyimbo ili pakati n'kuitana DJ, anthu n'kukuwa ndi chisangalalo. Bandi inabalalika. Gitala anagulitsa, n'kusaina kontirakiti ya ulonda ku Doha.

Koma Lingson ananamiza mwana wake wamkazi, Chawezi, kuti wapeza ntchito yoimba ku hotela ya ku Qatar. Nthawi ndi nthawi ankavula jekete ya ulonda, kuima pafupi ndi siteji ya hoteloyo, n'kumutumizira zithunzi. Tsono lero wa ku Bangwe anali atamuona. Ankaopa kuti mwana wake amva choonadi kuchokera pakamwa pa anthu.

Potuluka, Effie anaima pafupi naye n'kulankhula motsitsa.

"A Lingson, ine sindikauza munthu. Koma paja mbewa yamanyazi inafera kuuna. Friday iliyonse Amalawi timakumana pa flat yanga ku Al Sadd. Mubwere mudzatiimbire, inshallah, Mulungu akalola."

Anazengereza milungu ingapo. Potsiriza anakagwada kwa mkulu wa bandi ya pahotelopo, Mfilipino, n'kubwereka gitala yakale. Zala zinali zitauma ngati chinangwa cha chaka chatha. Zinatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, iye osaleka. Anzake a m'chipinda ankamuseka. "Yalla madala, khalas, zakwana! Mukufuna kutipha ndi nyimbo za agogo?"

Lachisanu loyamba anaimba ndi mtima wonse. Anthu ankangodya, ena ali pa foni, ndipo amene anawomba m'manja anali Effie yekha. M'sitima ya metro pobwerera anakhala chowerama, gitala ataibisa pakati pa miyendo. Komabe Lachisanu lotsatira anapitanso, linalo anapitanso.

Tsiku lina ali mkati moliza, Rahma, mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Al Hilal, anayamba kuikamo mawu ake, odandaula za ana amene anawasiya ku Mangochi. Dzanja la Lingson linaima lokha, mwa chizolowezi chakale chija.

"Pepani achimwene, ndakusokonezani?" anafunsa Rahma mwamantha.

Lingson anakumbukira pulagi ya ku Chilomoni.

"Ayi chemwali, pitirizani. Ine ndizikutsatani pambuyo."

Anatsitsa gitala, n'kumaperekeza mawu a mayiyo pang'onopang'ono. Mafoni anaikidwa pansi. Amuna akuluakulu, madalaivala ndi mainjiniya omwe, ankaimba nawo misozi ili mbwembwembwe. Chimene Lingson anachikana moyo wake wonse ndicho chinamubwezera anthu.

Wina anajambula vidiyo, ndipo inafika kwa Mfilipino uja. Iye anakamba ndi mabwana, n'kumupatsa Lingson malo Lachinayi lililonse, kumbuyo kwa woimba wa bandi ya pahotelopo. Masiku enawo ankatsegulabe chitseko.

Panatsala ntchito imodzi, yolemera kuposa zonse. Pa nthawi yopuma masana, Lingson anaimbira Chawezi pa vidiyo, jekete ya ulonda ili m'thupi, baji ikuoneka bwinobwino.

"Mwana wanga, ndione bwino. Ntchito yanga kuno ndi imeneyi. Ndinakunamiza."

Chawezi anaseka akupukuta m'maso.

"Adadi, ndinkadziwa kalekale. Pa zithunzi zonse zija simunagwirepo gitala. Inu mungaime pafupi ndi siteji manja ali m'thumba? Ndinkangodikira kuti mundiuze nokha."

Lingson analira pomwepo, alendo akudutsa. Lachinayi lotsatira anamutumizira chithunzi china, gitala ili pachifuwa, ataima kumbuyo kwenikweni moti nkhope inkangooneka theka. Chawezi anachitsukitsa n'kuchipachika pabalaza.

Abale, mwina nanunso munatchukapo, lero mukubisa yunifolomu pojambulitsa. Amene amakukondani anaona kale, akungodikira pakamwa panu. Kuima kumbuyo si kutha ayi. Tulukani kuunako, tolani chida chanu, ndipo musataye mtima.